Sabata yolimbana ndi nkhono m'mathanki a nsomba ku Johannesburg

Lolemba ntchito inayambira ku Sandton, mu ofesi ina momwe muli thanki ya malita 300 ya mbuna za ku Nyanja ya Malawi. Dandaulo linali lakuti m'mawa uliwonse, magetsi akangoyatsidwa, galasi lonse limakhala litadzaza tinkhono. Tisanakhudze kanthu tinayamba taona mtundu wake, chifukwa nkhonozi sizigonja mofanana.

Munali mitundu iwiri. Zina zinali zazitali, zosongoka ngati kanyanga, dzina lake Melanoides tuberculata. Zimenezi masana zimabisala mumchenga, usiku n'kumakwera galasi. Siziikira mazira poyera, zimabereka tiana tamoyo, ndipo yaikazi imaswana popanda yaimuna, choncho imodzi yokha ikhoza kudzaza thanki. Zinazo zinali Physella acuta, tating'ono ta chigoba chopyapyala chotsegukira kumanzere. Izi zimamata mazira ake, kamtanda koterera ngati thelere, pagalasi ndi kunsi kwa masamba, ndipo m'madzi ofunda a madigiri 25 amaswa pasanathe masabata awiri.

Gwero la vuto linaoneka titasuntha mwala umodzi. Pansi pake panali chakudya chofufuma, chowola. Muofesimo aliyense wodutsa amathirako pang'ono, pomvera nsomba chisoni. Nkhono zimachuluka molingana ndi chakudya chimene zikupeza, basi. Komanso thanki ya mbuna imafuna madzi a pH (muyeso wa asidi m'madzi) ya pakati pa 7.8 ndi 8.6, ndipo ambiri amaika mchenga wa makorali, womwe uli ndi kashiamu wokhwimitsa zigoba. Kwa nkhono kumeneko n'kumudzi. Tinachotsa chitini cha chakudya pamwamba pa thanki n'kusiya lamulo: munthu mmodzi yekha, kamodzi patsiku, chakudya choti chithe pa mphindi ziwiri, ndipo Lamlungu zigone ndi njala.

Mnyamata amene akuphunzira ntchitoyi, wochokera ku Mangochi, anazengereza kupisa dzanja m'madzi. “Achimwene, zimenezi sizipatsa likodzo?” Funso lake n'lomveka kwa munthu wokulira kunyanja. Likodzo la m'chikhodzodzo limadutsira mu nkhono za mtundu wa Bulinus, ndipo kuti nkhonoyo ikhale ndi tizilombo pamafunika mkodzo wa munthu wodwala ulowe m'madzimo. Nkhono zobadwira m'thanki ya muofesi zilibe njira yotengera matendawo. Koma kutola nkhono, mchenga kapena zomera kumtsinje n'kuika m'thanki, kumeneko ayi.

Madzulo ake tinatchera msampha. Timatenga nkhaka, kuidula m'litali, kuiviika m'madzi owira kwa mphindi imodzi kuti ifewe, kenako kuiika m'kabotolo kapulasitiki koboola timabowo toti nkhono ilowe koma mbuna ilephere. Mbuna zimakonda zamasamba, ukaisiya poyera zimaimaliza nkhono zisanafike. Kabotoloko timakatsamiritsa ndi mwala. Lachiwiri m'mamawa, magetsi asanayatsidwe, tinakavuula kali bii, nkhaka yosaonekanso. Nkhaka isapitirire usiku umodzi m'madzi, ikawola imasanduka chakudya chomwe tikulimbana nachocho. Msamphawu ndi wobwereza usiku uliwonse kwa masabata awiri kapena atatu, ndipo mlonda wa usiku anavomera kumatchera.

Lachitatu ndilo linali tsiku lotopetsa. Tinapopa mchenga ndi paipi, chigawo chimodzi mwa zitatu chokha, n'kuusefa m'ndowa ndi sefa ya kukhitchini kuti nkhono zitsalire. Mchenga wonse susefedwa tsiku limodzi, chifukwa muli mabakiteriya othandiza amene amasintha amoniya wa m'ndowe za nsomba kuti asaphe. Mazira a pagalasi tinawapala ndi khadi yakale ya kubanki n'kuwakoka ndi paipi pomwepo, osawasiya agwere pansi. Fyuluta, makina osefa madzi a m'thanki, titaitsegula tinapeza chifukwa chimene inkalirira: tizigoba tating'ono tinali titapanikiza kachitsulo kozungulira ka m'pampu. Masiponji ake amatsukidwa m'madzi ochokera m'thanki momwemo, osati a pampopi. Kukamwa kwa paipi yokokera madzi tinavekako siponji kuti tiana tisalowenso.

Lachinayi foni inalira kuchokera ku Randburg. Mayi wina, atatopa nazo nkhono, anathira mankhwala okhala ndi kopa (mkuwa) m'thanki ya malita 120. Nkhono zinafadi, mazanamazana nthawi imodzi, zambiri zili mumchenga momwe sangazione. Patapita masiku awiri madzi anachita mbuu, fungo la zowola, nsomba zili pamwamba kupuma wefuwefu, shrimp zonse, tinyama ta m'madzi tonga tinkhanu, zitagona chagada. “Bambo, ndimati ndikuthandiza,” anatero, ndipo zinamvetsa chisoni chifukwa amazikondadi nsomba zake. Kopa amapha shrimp ndi nkhono zokongoletsa zomwe, ndipo mitembo ya nkhono ikamawola imatulutsa amoniya wochuluka kuposa amene fyuluta ingathe. Poyeza madzi amoniya amayenera kuonetsa 0. Apa anali atakwera. M'thanki ya mbuna zikanaipa koposa, pakuti pH ikakwera ululu wa amoniya umakulanso.

Tinatulutsa theka la madzi, kupopa zigoba zonse zimene tinazipeza, kuika makala oyeretsera madzi m'fyuluta ndi kuwonjezera kapampu ka mpweya. Madzi atsopano kuno amafuna chisamaliro. A pampopi amachokera ku Vaal Dam kudzera ku bungwe la madzi la Rand Water, ndipo amathiramo chloramine, mankhwala ophera tizilombo, kuti anthu amwe abwino. Chloramine sauluka ukangogoneka madzi m'ndowa monga amachitira klorini, choncho pamafunika mankhwala olembedwa kuti amachotsa zonse ziwiri. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi madziwo amatuluka ngati ayezi, ayenera kufunditsidwa kaye afanane ndi a m'thanki. Tinawauza asadyetse nsomba masiku awiri, ndipo Lachisanu tinasinthanso theka lina.

Mayi uja anafunsa za nsomba zodya nkhono. Clown loach imadyadi, koma imakula kufika masentimita 30 ndipo imafuna kukhala pagulu, malita 120 sangaikwane. Chabwinoko ndi nkhono yodya zinzake, Anentome helena, ya mizere yachikasu ndi yoderapo. Zisanu kapena zisanu ndi imodzi zimakwana thanki yotere, zimagwira ntchito pang'onopang'ono ndipo siziswana msanga. Koma ziyenera kudikira masabata angapo mpaka choyezera chionetse kuti kopa watha, apo ayi nazonso zifa.

Masana a Lachisanu tinakonza zomera zatsopano za thanki ina ku Rosettenville, poti nkhono zambiri zimalowera m'zomera zogula. Timaziviika m'madzi a alamu (alum, mankhwala onga mchere), supuni imodzi yaikulu pa malita 4, kwa masiku awiri kapena atatu, kenako kuzitsuka bwino. Zomera za masamba anthete nthawi zina zimafota nazo, ndiye zimenezo timangoziika m'chidebe chapadera kwa masabata atatu n'kumachotsa mazira akaoneka.

Loweruka linali lotaya zimene tinagwira. Nkhono zamoyo sizithiridwa m'sinki, m'chimbudzi kapena m'ngalande yopita ku mtsinje wa Jukskei. Tarebia granifera, nkhono ya ku Asia yomwe akuti inalowa kudzera m'malonda a mathanki omwewa, inapezeka ku KwaZulu-Natal mu 1999 ndipo yafalikira mpaka ku nyanja ya St Lucia. Zathu timazimanga m'jumbo, kuziumitsa mufiriza usiku wonse, kenako m'bini. Lolemba tibwerera ku Sandton kukasefa chigawo chachiwiri cha mchenga.