Kope langa la mawu opanda matanthauzo

Dzulo ndikusesa ndinapeza kope langa lakale pansi pa matiresi, hadikava yobiriwira ija, ngodya zake zitadyeka kaya ndi mbewa kaya ndi mphemvu. Tsamba loyamba pamwamba ndinalemba 2, kenako mawu achingerezi a zilembo ziwiri ndondondo mpaka pansi. Tsamba lina 3, lina 4, mpaka 7. Tanthauzo ngakhale limodzi mulibemo. Ndinakhala pa bedi kumaseka ndekha chifukwa miyezi ingapo ya moyo wanga inathera mmenemo.

Anayambitsa ndi amalume. Anali mphunzitsi wa pulayimale, anapuma, ndipo chinthu chimodzi chomwe sachita nacho masewera ndi Scrabble, masewera opanga mawu poika timatailosi ta zilembo pa bolodi, chilembo chilichonse ndi mapointi ake. Bolodi lawo ndi lakale moti timatailosi tina zilembo zinafufutika anachita kulembanso ndi maka. Ine nthawi imeneyo ndinali nditangolemba Fomu 4, ndikudikira zotsatira, chochita palibe, ndiye madzulo aliwonse pakhonde amvekere, "Mphwanga tabwera ndikuphunzitse chizungu." Kuphunzitsa kwake kunali kundikwapula basi, tsiku ndi tsiku, iwo akumwa tiyi.

Tsiku lina ndinatola Q koma U ndinalibe. Ife kusukulu tinazolowera kuti Q sayenda yekha, queen, quick, question, nthawi zonse U ali pambuyo ngati mlonda. Masewera anatha ndili nayebe m'manja, ndipo kwa amene simudziwa, Q ndi mapointi 10, ukatsala naye amakuchotsera. Mawa lake Q yemweyo anagwera amalume, iwo phee n'kuika QI. Zilembo ziwiri. Ndinati amalume apa mukubera, mawu oterowo kulibe. Sanayankhe, anangotulutsa kabuku kawo ka mawu ovomerezeka n'kuloza ndi chala.

Mawa lake ndinagula kope. Ndinayamba ndi mawu a zilembo ziwiri, mu ndandanda wa Collins wa mawu ovomerezeka pa Scrabble alipo opitirira 120, zinthu ngati AA, QI, XI, XU, ZA, ZO, JO. Kenako a zilembo zitatu okhala ndi J, X kapena Z poti zilembo zimenezi ndi zodula. Kenako tsamba la Q wopanda U: QAT, QADI, FAQIR, NIQAB. Ndiye tsamba lomwe linandizunguza mutu, la mawu opanda vawelo: CWM, CRWTH, NTH, HMM, PSST. Ndinkaloweza ngati ndime za Sande sukulu, potunga madzi, mu minibasi, magetsi akazima ndi tochi ya foni.

Chimene sindinkayembekezera n'chakuti sipelo yanga inasintha. Taonani, ife m'Chichewa liwu limathera ndi vawelo, ndipo makonsonanti a chizungu akathithikana pakamwa pathu pamawalekanitsa pokha. N'chifukwa chake school inakhala sukulu, glass galasi, spoon supuni, book buku. Palibe cholakwika pamenepo, ndi Chichewa chabwinobwino. Vuto limabwera pamene dzanja likulemba chingerezi koma khutu likumvabe Chichewa. Ine kwa zaka ndinkalemba filim, ndinkalemba athelete, aphunzitsi kuchonga ndi inki yofiira ine osaona chomwe chalakwika chifukwa ndikawerenga mokweza zimamveka bwinobwino. Koma film itakhala pa tsamba la 4 nkhani inatha, chifukwa ndikalemba filim ndikawerenga zilembo zikukwana 5, ndiye kuti yalowa nyumba ya eni. Athlete ndi 7, osati 8. Nambala ija inakhala ngati chipata, vawelo wobwera popanda kuitanidwa amabwezedwa pomwepo. Tangoganizani STRENGTHS, zilembo 9 vawelo mmodzi yekha, pakamwa pa Mchewa likanatuluka ndi mavawelo anayi kapena asanu. Zilembo zosatchulidwa nazonso, K wa knife ndi knee, B wa lamb, debt ndi doubt, ndinasiya kuziiwala poti ukachotsa chimodzi liwu limagwera tsamba lolakwika.

Tsiku lomwe ndinasangalala kwambiri ndi lomwe ndinapeza kuti ndalama zathu zilimo mu ndandandawo. KWACHA ndi liwu lovomerezeka, mapointi 18 lisanagwere n'komwe pa bokosi la bonasi. NGWEE ya anzathu a ku Zambia ilimo. TAMBALA ilimonso, ndipo ndi zilembo 7, kutanthauza kuti ukaiika yonse kamodzi umalandira 50 yapamwamba. Tambala yomwe pamsika sungagule nayo ngakhale machesi, pa bolodi ndi chuma kkkk. Pambuyo pake ndinadzamva kuti XU ija ndinkangoiloweza ndi tambala ya ku Vietnam.

Pa mawu a zilembo 7 ndinaphunzira kachenjerero kena, kusanja zilembo motsatira alifabeti n'kulemba mawu onse otulukamo. AEINRST yokha imabereka RETAINS, NASTIER, RETINAS, STAINER, RETSINA ndi ena. Apa ndi pomwe ndinayamba kuwapambana amalume mwa apo ndi apo, ndipo mutu unakula, ndinkadziona ngati chizungu ndachimaliza.

Kenako ndinalemba kalata yofunsira ntchito pa ofesi ina. Mzere womaliza ndinalemba kuti I will come to correct the form. Mchemwali wanga ndi amene anaona, mwamwayi ndisanatumize, anaseka mpaka misozi amvekere, "Ndiye ukupita kukawakonzera fomu yawo? Ntchito usanaipeze n'komwe?" Collect ndi correct. Onse zilembo 7, onse anali pa tsamba limodzi m'kope mwanga, moyandikana. Play ndi pray onse 4. Glass ndi grass onse 5. Light ndi right, load ndi road, chimodzimodzi. Chipata changa cha nambala chija apa sichinagwire kanthu, chifukwa L ndi R m'makutu mwathu ndi munthu mmodzi, kaya unene lero kaya relo aliyense akumva, ndipo pa bolodi ukaika PLAY kapena PRAY palibe angakutsutse, onse ndi ovomerezeka. Miyezi yonse ija palibe chinandikakamiza kudziwa kuti liti ndi lopemphera liti ndi losewera.

Ndinawafunsa amalume tsiku lina kuti kodi RETSINA ndi chiyani. Anati, "Tanthauzo lake ndi mapointi." Anali serious. Ndipo kumbali ya masewera sakunama ayi. Nigel Richards wa ku New Zealand anapambana mpikisano wa dziko lonse wa Scrabble ya Chifalansa mu 2015 asakuyankhula Chifalansa, anangoloweza mawu a mu dikishonale. Chaka chomwecho Wellington Jighere wa ku Nigeria anatenga chikho cha dziko lonse cha chingerezi ku Perth, munthu woyamba wa mu Africa kutero, ndipo amalume nkhani imeneyi amaikamba ngati mwana wawo. Koma anthu amenewa cholinga chawo ndi bolodi. Ine cholinga changa chinali kalata, intavyu, kuyankhula ndi bwana osachita chibwibwi. Ndinatenga khasu la munda wina kukalimira munda wina. RETSINA ndi vinyo wa ku Greece, ndinachita kufufuza ndekha, ndipo mpaka lero sindinapeze poligwiritsa ntchito.

Wordle, masewera a pa intaneti olosera liwu lobisika, itatchuka mu 2022 ndinabwereranso ku tsamba la 5. Liwu limodzi patsiku, zilembo 5, mwayi 6, chobiriwira ndiye kuti chilembo chili pamalo pake, chachikasu chilimo koma wachiika polakwika. Bandulo sidya kwenikweni. Kumeneko kope linandithandiza zedi, ndimayamba ndi STARE kapena CRANE ndipo nthawi zambiri pofika kachinayi ndapeza. Kusiyana kwake pano n'kwakuti ndikapeza liwu sinditseka foni, ndimayang'ana tanthauzo kenako n'kupanga chiganizo changa chimodzi chokhudza zinthu za pakhomo pano, ngakhale chopusa. Ndinatsegulanso tsamba la OUGH, though, through, tough, cough, bough, zilembo zinayi zomwezo koma katchulidwe kosiyana paliponse, ndipo pambali pa lililonse ndinalemba mmene limamvekera m'kalembedwe ka Chichewa, tafu, kofu, bau. Mphunzitsi wa chingerezi ataona akhoza kukomoka koma ine zikundiyendera.

Kope lakale lija sinditaya. Usiku wathawu ndajambula mzere pakati pa tsamba la 2 n'kuyamba kulemba matanthauzo kumanja. AA ndi chiphalaphala cha phiri lophulika chikauma mokhakhala, liwu la ku Hawaii. ZA ndi pizza mwachidule. Ndafika pa JO tulo n'kundigwira. Loweruka ndikupita kwa amalume, andiimbira kale kawiri kuti bolodi alipukuta.