Loweruka la mvula ndi kope limene ndinalipeza pansi pa matiresi

Mvula yayamba kusanache ndipo yakakamira tsiku lonse. Zovala zomwe ndimati ndiyanike ndazibwezera m'beseni, bambo a ana alawirira kuntchito, ine ndatsala m'nyumba ndi ana awiri opanda kothawira. Ndikulemba izi usiku onse atagona, chifukwa zimene zachitika lerozi sindikufuna ndidzaziiwale.

Ndikuyala bedi la wachisamba wanga, mnyamata wa zaka 9, ndapeza kope lake pansi pa matiresi. Kopeli ndinamupatsa ndine ndemwe miyezi itatu yapitayo, n'kumuuza kuti si la kusukulu, azilembamo nthano zake. Masabata awiri oyambirira ankalemba mpaka kumuitana kawiri katatu osamva. Kenako anangoti zii. Ine ndinkati ndi ulesi, ndipo bambo ake ndinawauza zomwezo.

Nditatsegula kopelo m'mawa uno ndaona chimene chinamusiyitsa. Tsamba lomaliza limene analemba lili ndi zizindikiro zofiira 14, ndaziwerenga chimodzichimodzi, ndipo zonse n'za dzanja langa. Pamene analemba "mpaka" ndinalowetsapo h kuti akhale "mphaka". Pamene analemba "kulila" ndinadula l n'kuikapo r. Pa "ngombe" ndinaikapo kachizindikiro kake. M'munsi mwa tsambalo ndinalemba kuti, "Ulembenso bwino." Ndakhala pansi pabedi pomwepo kuyesa kukumbuka kuti nthanoyo inkanena za chiyani, koma m'mutu mwanga munalibe kanthu. Tsiku limenelo ndinayang'ana zilembo zokha, nthano ya mwana wanga sindinaiwerenge.

Ndiye lero ndaiwerenga. Ikunena za mphaka amene ankatungira mvula m'mabotolo n'kumasunga, poopa kuti tsiku lina mitambo idzauma ndipo idzasowa woibwereka madzi. Chilala chitafika, mphakayo analuma botolo limodzi n'kukwera mtengo wautali kuposa yonse kuti akaithirire mitambo. Nthanoyo ikuthera pamenepo, mphaka ali pansonga ya mtengo, botolo lili kukamwa. Wakhala m'mwambamo masabata khumi chifukwa cha cholembera changa.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti sindinachite izi chifukwa chosadziwa. Ndinaphunzira zauphunzitsi, ndipo za Charles Read tinazimva m'kalasi. Katswiri wa ku America ameneyu, m'chaka cha 1971, anafalitsa zimene anapeza atasanthula zolemba za ana omwe ankayesa kulemba okha asanayambe sukulu. Anaona kuti zomwe akulu timati kulakwitsa zili ndi dongosolo lake: mwana amalemba zimene khutu lake lamva ndiponso mmene pakamwa pake patulutsira mawuwo. Kampweya kamene kamasiyanitsa "mphaka" ndi "mpaka" n'kakang'ono ndithu. Nanga l ndi r? Polankhula ambirife sitizisiyanitsa n'komwe, lamulo loti r azibwera pambuyo pa e kapena i ndi la polemba. Mwanayu sankachita zosasamala, ankamvetsera. Kalembedwe koyenera kali ndi nthawi yake, ndipo sindikunena kuti n'kosafunika. Koma nthawi yake sinali pamene mphaka anali atangofika kumene pamwamba pa mtengo.

Ndinamupeza pabalaza akuyang'ana mvula pawindo. Ataona kope lili m'manja mwanga nkhope inagwa.

"Amayi, musawerenge zimenezo. Muli zolakwika zambiri."

Ndinakhala pansi pafupi naye n'kumuuza kuti amene analakwitsa ndine, kuti ndinathamangira kukonza zilembo nthano ndisanaimve, ndipo ndikupepesa. Sanayankhe. Ana sazolowera kupepesedwa ndi akulu, ndiye sankadziwa poika maso. Kenako ndinamufunsa funso limene ndinayenera kumufunsa kalekale: "Nanga mphakayu atafika pamwambapo anatani?"

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati akufuna aone ngati si msampha. Ndiye anati, motsitsa mawu, "Botolo linagwa."

Mlongo wake wa zaka 5, amene ndinkaganiza kuti akusewera zake kuseri kwa mpando, anatulukira. "Achimwene, ndiye linasweka?"

Funso la mwana mnzake linachita zimene langa silikanatha. Anatembenukira kwa iyeyo n'kuyamba kufotokoza ndi manja omwe. Botolo silinasweke, linakodwa panthambi, ndipo mphaka anayenera kusankha pakati pa kulitsatira pansi ndi kupitiriza kuitana mitambo chimanjamanja. Ndinamuuza kuti azinena, ine ndizimulembera. Tinayenda bwino mizere isanu ndi umodzi. Pamzere wotsatira iye anati mitambo "inamutsinzinira", ine n'kulemba kuti "inamuyang'ana", ndipo anaona.

"Ayi Amayi, sindinatero. Bweretsani ndilembe ndekha."

Ndinamupatsa cholembera msangamsanga. Mawu ake anali abwino kuposa anga, ndipo ndasangalala kuti anawamenyera nkhondo.

Iye ali kalikiliki kulemba, ine ndinatenga wamng'onoyo n'kumukhazika pamiyendo ndi buku lake la zithunzi, lija chikuto chinachoka kale. Bukuli taliwerenga mwina kokwana makumi anayi, ndipo masiku ena ndimalibisa pansi pa ena kuti asankheko lina. Lero sindinalibise. Mwana akamafuna buku lomwelomwelo ndiye kuti akulimanga m'mutu mwake: ulendo uno akutola mawu atsopano, ulendo wina akuzindikira kuti chimene chili patsamba sichisintha, kenako akuyamba kulozera ndi chala. Wangayu afika poti "amawerenga" tsamba lonse pamtima, chala chikuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo ndikadumpha mawu amodzi amandibweza.

Powerenga naye ndimatsata njira imene Grover Whitehurst ndi anzake anaiyesa n'kulemba zotsatira zake mu 1988. Njira yake ndi yosavuta: wamkulu asamangowerenga yekha mwana ali duu, koma azifunsa, mwana aziyankha, wamkulu n'kuwonjezera pang'ono pa yankholo. Ndikaloza chithunzi n'kufunsa kuti apa chikuchitika n'chiyani, iye amati, "Galu akuthamanga." Ine ndimati, "Eya, galu wakuda akuthamanga kuthawa mvula. Ukuganiza kuti akabisala kuti?" Ana amene makolo awo anaphunzitsidwa kuwerenga nawo motere anapita patsogolo pa kayankhulidwe kuposa amene ankangowerengeredwa mwa nthawi zonse. Lero funso limeneli latitengera kutali, chifukwa galuyo akuti akabisala m'thumba la agogo ake, ndipo tinakhala kanthawi tikukambirana ngati galu ali ndi agogo.

Cha m'ma 2 koloko mnyamata uja anabwera atakwinya nkhope. Nthano yamuima. Mphaka waganiza zotsika kukatenga botolo, koma iye sakudziwa ngati mphaka amatsika mumtengo chamutu kapena cham'mbuyo, ndipo sakufuna kulemba zabodza. Yankho ndinali nalo, ndipo linafika kale pamlomo. Ndinalimeza n'kumuuza kuti pashelufu pali buku la zinyama, akayang'anemo.

Kuti mumvetse chifukwa chake mtima wanga unagunda pamenepa, muyenera kudziwa kuti mwana ameneyu buku salifuna. Amawerenga pang'onopang'ono, mawu ataliatali amamupunthwitsa, ndipo akafika kumapeto kwa chiganizo amakhala ataiwala kumene chinayambira. Nzeru zake zonse zimathera pa kulumikiza zilembo, osatsalako zomvetsera tanthauzo. Chinthu chovuta chonchi munthu amachizemba, ndipo akamachizemba m'pamene chimavutirabe. Keith Stanovich analemba za vuto limeneli mu 1986 ndipo analitcha dzina lochokera pa mawu a mu Uthenga Wabwino wa Mateyu onena za amene ali nazo kuwonjezeredwa, ndi amene alibe kulandidwa ngakhale zochepa zomwe ali nazo. Mwana wowerenga bwino amawerenga zambiri, amatola mawu ambiri, ndipo kuwerenga kumamuphwekerabe. Mnzake wovutika amawerenga zochepa, ndipo mpata pakati pa awiriwa umakulirakulira chaka ndi chaka. Si vuto la m'nyumba mwanga mokha. Mu 2019 World Bank inanena kuti m'maiko osauka ndi apakatikati, ana 53 pa 100 alionse amafika zaka 10 asakutha kuwerenga ndi kumvetsa nkhani yosavuta, ndipo mu 2022, sukulu zitatsekedwa nthawi yaitali chifukwa cha Covid-19, chiwerengerocho chinayerekezeredwa kuti chafika 70 pa 100. Ndikamva manambala amenewa ndimakumbukira kuti wanga watsala ndi chaka chimodzi kuti akwanitse zaka khumi.

Ndayesapo zambiri. Ndinamuikira nthawi yowerenga tsiku lililonse, iye n'kumangoyang'ana wotchi. Ndinamulonjeza mphatso akamaliza buku, anamalizadi, koma nditamufunsa za m'bukumo analibe chonena, ndipo lotsatira analifunsira mphatso lisanatsegulidwe n'komwe. Njira ya mphatsoyi sindidzaibwerezanso. Imamuuza mwana kuti kuwerenga ndi ntchito yowawa yoyenera malipiro.

Lero popanda wotchi, popanda mphatso, anakhala pansi ndi buku la zinyama lija mphindi zoposa makumi awiri. Anayamba kusaka tsamba ndi tsamba mpaka ndinamusonyeza mndandanda wa mawu kumapeto kwa buku, umene sankadziwa ntchito yake. Atapeza za amphaka anawerenga milomo ikugwedera, chala chili pamzere. Mawu awiri anabwera kudzandifunsa. Kenako anakuwa ali komweko kuti zikhadabo za mphaka n'zopindikira kumbuyo ngati mbedza, n'chifukwa chake kukwera sikumuvuta, koma potsika chamutu sizigwira, ndiye amayenera kutsika cham'mbuyo, ndipo amphaka ena amakanirira m'mwamba chifukwa cha zimenezi. Anasangalala ngati wazitulukira yekha. Sanaimire pomwepo, anapitirira kuwerenga za maso a mphaka usiku, zomwe nthano yake sinkazifuna n'komwe.

Zaka zonsezi ndakhala ndikumukankhira ku buku poganiza kuti kuwerenga kumayamba, kulemba n'kumabwera pambuyo. Kwa mwana uyu zayenda mosemphana. Nthano yake ndiyo yamutuma ku buku, chifukwa anali ndi funso lakelake lofuna yankho.

Pali china chimene ndachiona masana ano chomwe sichinandisangalatse. Ana ali phee aliyense ndi zake, dzanja langa linapita lokha pa foni. Wamng'ono uja anandiyang'ana n'kufunsa kuti, "Amayi, inuyo buku lanu lili kuti?" Ndimawerenga ndithu, koma usiku iwo atagona, ndiye sanandionepo. Chimene amaona masana onse ndi mayi woweramira foni. Ndinaisiya kuchipinda n'kutenga buku langa, tonse atatu n'kukhala pabalaza mvula ikuwomba padenga.

Chakumadzulo nthano inatha, masamba asanu a kope. Ndinatenga mapepala anayi oyera, kuwapinda pakati, n'kusoka pamsana pake ndi singano ndi ulusi. Mapepala anayi opindidwa chonchi amatulutsa kabuku ka masamba 16. Ndinawauza kuti mkulu akopere nthano yake m'menemo, mlongo wake ajambule zithunzi, ndipo bambo awo akabwera adzakhala oyamba kuliwerenga. Anakanganapo pang'ono za mtundu wa mphaka, wolemba akuti ndi wakuda, wojambula akuti wakuda saoneka bwino papepala, mpaka anagwirizana kuti akhale wamawangamawanga ndipo chiganizo choyamba chinasinthidwa.

Ali mkati mokopera anaima, cholembera chili m'mwamba.

"Amayi, mphaka uja munati ali ndi h pati?"

Ndinamuuza. Anafunsanso za "kulira", ndipo ulendo uno nditamufotokozera za e ndi i anamvetsera, n'kubwerera yekha m'mbuyo kukasaka mawu ena otero. Anapeza atatu. Zomwe ndinamukakamiza ndi inki yofiira osazilandira, lero wazifunsa yekha chifukwa bukulo likupita m'manja mwa bambo ake ndipo akufuna lioneke bwino. Zolakwika zina zatsalamo, ndaziona, ndipo ndazisiya.

Bambo awo anafika atanyowa, asanavule n'komwe nsapato anapatsidwa buku. Anakhala pampando n'kuliwerenga mokweza kuyambira pachikuto, pamene palembedwa dzina la wolemba ndi la wojambula. Anawerenga mosathamanga, mawu a mitambo akuwanenepetsa, a mphaka akuwachepetsa. Mnyamata anaima kumbuyo kwa mpando akutsatira mzere uliwonse, milomo ikuyenda limodzi ndi ya bambo ake. Pamene mphaka ankatsika cham'mbuyo, bambowo anaima n'kufunsa ngati zimenezi n'zoona, ndipo mwana anathamanga kukatenga buku la zinyama kuti awasonyeze tsamba lake.

Pogona anandiuza kuti mitambo sinabweze botolo la mphaka, ndiye pakufunika buku lachiwiri, ndipo mlongo wake wapempha kuti mukhale galu yemwe ali ndi agogo. Wafunsa ngati mapepala alipo. Ndayang'ana m'kabati, atsala asanu ndi limodzi, ndawaika patebulo pamodzi ndi singano ndi ulusi.