Ku eMkhondo, Kwawo kwa Pretty Yende

Kuchokera ku Joni kupita ku eMkhondo, tauni imene ambiri amaitchulabe kuti Piet Retief, mumadzera ku Ermelo kenako n'kulowa mumsewu wa N2. Mukangopitirira Ermelo chimanga chimayamba kuchepa, maso n'kumangoona paini ndi bulugamu zobzalidwa m'mizere ngati ku Chikangawa. Malole a zipika amakwawa pamitunda, minibasi yathu n'kumangowalondola pambuyo. Malire a Eswatini ali pafupi pomwepo.

Ine chondipititsa chinali chimodzi: kukaona kumene kunakulira Pretty Yende, woimba sopulano m'masewero a opera (zisudzo zimene nkhani yake imachita kuimbidwa), amene anabadwira kuno mu 1985. Ndaimba kwaya kuyambira ndili mwana, ndiye dzina limeneli ndikalimva mtima umagunda.

Taunimu mulibe nyumba ya opera, musadzavutike kuifunafuna. Muli masitolo, fungo la matabwa ocheka kumene, ndi matchalitchi. Lamulungu m'mawa ndinalowa m'tchalitchi china ku lokeshoni ya eThandakukhanya. Munalibe kiyibodi. Mayi wina anangoyambitsa nyimbo ya Chizulu, mnzake akumenya ndi chikhatho kapilo kakang'ono kachikopa, phu! phu! phu!, mpingo wonse n'kugawikana wokha: sopulano uku, alito uku, azibambo akugunda besi kumbuyo. Popanda wogwira pepala ngakhale mmodzi. Thupi langa lonse linachita tsembwe.

Umu ndi momwe Pretty anaphunzirira kuimba, m'nyimbo za m'tchalitchi zimene ankaimba ndi agogo ake. Opera anaimva koyamba ali ndi zaka 16, pa TV, m'kanema wotsatsa malonda a British Airways momwe munkamveka akazi awiri akuimba kachigawo ka opera yotchedwa Lakmé, yopekedwa ndi Léo Delibes. Maganizo odzakhala akauntanti anathera pomwepo. Anakaphunzira ku South African College of Music ku Cape Town, kenako ku sukulu ya La Scala ku Milan. Mu 2009 anapambana mpikisano wa Belvedere ku Vienna, mu 2011 n'kupambananso mpikisano wina wa oimba opera wotchedwa Operalia.

Koma nkhani imene imandigwira mtima kwambiri ndi ya Januwale 2013. Anamuitana mwadzidzidzi ku Metropolitan Opera ku New York kuti akalowe m'malo mwa woimba wina mu opera ya Le comte Ory yopekedwa ndi Rossini, n'kukaimba limodzi ndi woimba tena wotchuka Juan Diego Flórez. Usiku woyamba womwewo, asanatulutse n'liwu lomwe, anapunthwa n'kugwa anthu onse akuona. Anadzuka, naimba mpaka kumapeto, holo yonse n'kumuwombera m'manja. Amene anaimirirapo kutsogolo kwa kwaya mawondo akunjenjemera akudziwa kulimba mtima kumene kumafunika pamenepo. Ndipo kumbukirani, mu opera mawu ayenera kukafika mpando wakumbuyo popanda maikolofoni, gulu lonse la zoimbira likulira pansi pako.

Za pa 6 Meyi 2023, pamene anaimba ku Westminster Abbey pa mwambo wolonga ufumu Charles III, ambiri munaonera nokha.

Mapemphero atatha ndinaima panja kucheza ndi atsikana a kwaya, Chizulu changa chothyokathyoka chikuwaseketsa. Dzina la Pretty sindinachite kulifotokoza. Iwo ndi amene anandikumbutsa kuti mng'ono wake, Nombulelo Yende, nayenso ndi sopulano ndipo akuimba opera ku Ulaya.