Masabata atatu otsiriza a FPL: mmene ndinasankhira timu mpaka fainolo

Ligi yathu ya Fantasy Premier League (FPL, masewero a pa intaneti amene munthu umasankha osewera enieni a mu ligi ya ku England n'kumapeza mapointi malinga ndi mmene asewerera) ili ndi anthu 16. Ambiri tili ku Lilongwe konkuno, atatu ali ku Blantyre, ndipo alamu anga amasewera ali ku Johannesburg. Si ligi yongowonkhetsa mapointi a chaka chonse ayi, ndi ija ya head-to-head: sabata iliyonse umapatsidwa munthu mmodzi wolimbana naye, ukamuposa umatenga mapointi 3, mukafanana mphamvu aliyense amatenga 1. Amene anatsegula ligiyi anakonza kuti masabata atatu otsiriza akhale a wagonja watuluka. Anthu 8 apamwamba amalowa makotafainolo pa Gameweek (sabata ya masewero) 36, semifainolo pa 37, fainolo pa 38. Mu sizoni ya 2023/24 ndinalowa ndili pa nambala 6, ndipo apa ndikufotokoza mmene ndinayendetsera timu yanga m'masabata amenewo, chifukwa chaka chilichonse ndimaona anzanga odziwa mpira kuposa ine akutuluka pa zinthu zoti akanazipewa.

Chimene chinandithandiza kwambiri n'kusiya kuyang'ana nambala yanga ya padziko lonse. Kuyambira Ogasiti munthu umazolowera kuthamanga ndi anthu mamiliyoni, koma pa ndime iyi mdani wako ndi mmodzi yekha, ndipo timu yake ili poyera. Ukatsegula ligi n'kudina dzina lake, umaona osewera amene anali nawo sabata yatha, kaputeni amene amakonda kuika (wosewera amene mapointi ake amawerengedwa kawiri), komanso ma chip (zida zapadera zothandizira timu yako sabata imodzi) amene wagwiritsa kale ntchito. Zimene wagula sabata ino sungazione mpaka deadline (nthawi yotsekera kusintha timu) itadutsa, koma munthu sasintha khalidwe sabata imodzi. Ndinkatenga kope, kulemba osewera ake 15 mbali ina, anga 15 mbali ina, kenako kufufuta onse amene tili nawo tonse. Pamatsala mayina anayi kapena asanu uku ndi uku. Masewero onse amathera pa mayina amenewo ndi pa kaputeni, ena onsewo angokhala anthu operekeza.

Kukonzekera kunayamba kumapeto kwa Epulo. Wildcard yachiwiri, chip yolola kusintha osewera onse osadulidwa mapointi, ndinaisunga mpaka Gameweek 35, chifukwa zinali zitadziwika kuti pa Gameweek 37 matimu asanu ndi imodzi adzasewera kawiri: Manchester City, Chelsea, Tottenham, Newcastle, Manchester United ndi Brighton. Bench Boost, chip yowerengetsa mapointi a osewera a pabenchi, ndinali nayobe, choncho ndinkafuna kuti pofika sabata imeneyo anthu onse 15 akhale olowadi m'bwalo, ngakhale goloboyi wachiwiri.

Pamene ndinakhalitsa ndi pa City. Lamulo sililola osewera oposa atatu a timu imodzi. Erling Haaland ndi Phil Foden panalibe zokambirana. Malo achitatu anzanga ambiri anapereka kwa Ederson kapena Kevin De Bruyne. Ine ndinatenga Joško Gvardiol. Papepala ndi wotchinga kumbuyo, koma amene ankaonera masewero a City mwezi umenewo anaona kuti mnyamatayo ankangokhalira kutsogolo kumanzere. Anali atagoletsa Real Madrid ku Bernabéu, anagoletsanso Luton. Wotchinga kumbuyo akamwetsa chigoli amapatsidwa mapointi 6 pamene wakutsogolo amapatsidwa 4, ndipo timu yake ikapanda kuchinyidwa amawonjezeredwa 4. Nditangomugula anagoletsa ndi mutu ku Nottingham Forest, mtima wanga n'kukhala pansi.

Makotafainolo sindichedwapo, koma pali msampha umodzi umene unagwira mnzathu wina. Deadline imatseka mphindi 90 masewero oyamba a sabatayo asanayambe, ndipo Gameweek 36 sinayambe Loweruka monga tinazolowera. Luton ndi Everton anasewera Lachisanu usiku, pa 3 Meyi, choncho khomo linatsekedwa 7:30 madzulo nthawi ya kuno. Mnzathuyo anali mu minibasi akuchokera ku ntchito, akudziuza kuti akonza timu mawa m'mawa. Anatuluka ndi kaputeni wa sabata yatha. Kuyambira pamenepo ndimatchera alamu pafoni maola awiri deadline isanakwane, ndipo bandulo ndimagula dzulo lake.

Amene ndinakumana naye sabata imeneyo timu yake inali yofooka poyerekeza ndi yanga, Wildcard anali ataimaliza kalekale. Ukakhala ndi mphamvu zoposa mnzako sufunika zodabwitsa, umangotseka mipata. Ndinaika Haaland ukaputeni, City ili pakwawo ndi Wolves, ndipo sindinagule aliyense kuti sabata yotsatira ndikhale ndi ma free transfer awiri, kutanthauza mwayi wosintha osewera awiri osadulidwa mapointi. Nthawi imeneyo awiri ndiwo anali malire osunga, kuyambira 2024/25 anakweza kufika pa asanu. Mnzangayo ataona kuti akuchepekedwa anayesa kuika Cole Palmer wa Chelsea ukaputeni, ndipo sindimunena, Palmer ndiye anamaliza sizoniyo ali pamwamba pa osewera onse ndi mapointi 244, anagoletsadi pamene Chelsea inkakwapula West Ham 5-0. Kungoti Haaland anamwetsa zinayi pa 5-1 ija.

Semifainolo inandigwetsera kwa alamu. Lachitatu anandiimbira pa WhatsApp ali pa ntchito, akuseka: "Alamu, mwafika pokwanira, kwatsalaku tisiyireni akuluakulu." Nditayang'ana mbiri ya timu yawo ndinapeza kuti Triple Captain, chip yowerengetsa mapointi a kaputeni katatu, sanaigwiritse ntchito chaka chonse. Panalibe chobisika, ankadikira sabata ya masewero awiri kuti aike pa Haaland.

Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, ndipo nanenso mtima unkandikoka. Maganizo amabwera oti popeza iwo aika Haaland, ine ndiike wina kuti tisiyane. Ndinakhala pansi n'kuwerengera. Ndikaika Palmer, ndiye kuti pa pointi iliyonse ya Haaland iwo alandira katatu, ine kamodzi, kusiyana kawiri. Ndikaika Haaland yemweyo, iwo katatu, ine kawiri, kusiyana kamodzi kokha. Pamene ine ndili ndi anthu anayi a pabenchi amene mapointi awo awerengedwa, atatu mwa iwo akusewera kawiri. Chip yawo ikanangowapatsa Haaland mmodzi wowonjezera, yanga ikundipatsa masewero asanu ndi awiri owonjezera. Panalibe chifukwa chothawira. Ndinaika Haaland, wachiwiri wake Foden, ndinagwiritsa ntchito transfer imodzi kuchotsa wotchinga kumbuyo wa pabenchi amene anali atayamba kusiyidwa panja, inayo n'kusunga.

Za kugula osewera mopitirira n'kudulidwa mapointi 4, pa ndime iyi ndimazikana pokhapokha ngati wosewera wavulala ndipo benchi ilibe womulowa m'malo. Pakati pa sizoni mapointi 4 amabwerera pang'onopang'ono m'masabata otsatira. Pano masabata otsatira kulibe, ndipo amachotsedwa pa mapointi a sabata yomweyo imene ukulimbana ndi mnzakoyo.

Loweruka masana pa 11 Meyi City inapambana 4-0 ku Fulham. Gvardiol anagoletsa ziwiri, Foden chimodzi, Haaland sanagoletse. Gulu lathu la WhatsApp linayamba kundiyamikira ngati zatha, koma ndinkadziwa kuti sabata ya masewero awiri imatha Lachitatu usiku. Mayina amene anatsala pakope langa anali ochepa: ine Gvardiol ndi Anthony Gordon, alamu Son Heung-min ndi Haaland wawo wowonjezera uja.

Lachiwiri pa 14 Meyi, 9 koloko usiku, City inapita ku Tottenham. Kwathu magetsi anali atazima kuyambira madzulo, ndiye ndinapita kukaonera pa malo ena apafupi amene ali ndi jenereta. Tinadzazana pa mabenchi a matabwa, ambiri ovala malaya a Arsenal, tsiku limenelo akuchemerera Tottenham mano ali gwa, chifukwa City ikanapunthwa chikho chikanakhala m'manja mwawo. Chigawo chachiwiri chitangoyamba Haaland anagoletsa, foni yanga n'kunjenjemera m'thumba, alamu atumiza chithunzi cha moto. Kenako goloboyi wa City Ederson anawombana ndi Cristian Romero n'kutuluka atavulala, Stefan Ortega n'kulowa m'malo mwake. Kutatsala mphindi zochepa, Manuel Akanji anataya mpira, Son n'kuthamanga yekha kulunjika pagolo. Chipinda chonse chinaimirira. Ine ndinakhala pansi chigwirire foni, chifukwa ndinkadziwa mtengo wa mpira umenewo: ukalowa, alamu apeza mapointi 5 a Son, ine nditaya 4 a Gvardiol. Ortega anautchinga ndi mwendo. Anthu anagwira kumutu, wina anamenya khoma, ine ndinangopumira m'mwamba mwakachetechete kuopa kukhumudwitsa oyandikana nawo. Haaland anawonjezera cha penate kumapeto, masewero n'kutha 2-0, komabe Gvardiol yekha anandipatsa mapointi opitirira 20 sabata imeneyo. Mawa lake Gordon anagoletsa ku Old Trafford, Palmer ku Brighton, benchi yanga inaponyapo pang'ono pang'ono, ndipo alamu anandiimbira okha Lachinayi m'mawa: "Alamu, mwandichita bwino. Kamenyeni nkhondo ya banja."

Fainolo ndinakumana ndi achemwali ena a ku ofesi kwathu amene anatsogola ligi kuyambira Khrisimasi. Munthu wosaphonya deadline, wosagula wosewera chifukwa cha mtima. Ma chip tonse tinali titamaliza, ndipo nditafufuta mayina ofanana ndinaona kuti otsala awo ndi abwino kuposa anga.

Gameweek 38 ndi nyama ina. Masewero onse 10 amayamba nthawi imodzi, chaka chimenecho linali Lamulungu pa 19 Meyi, 5 koloko madzulo nthawi ya kuno, deadline 3:30. Funso loyamba silikhalanso lakuti ndani wodziwa mpira, koma lakuti ndi timu iti imene ikufunabe kanthu. City ndi Arsenal zinkalimbirana chikho. Aston Villa inali itapeza kale malo achinayi usiku womwe uja Tottenham inagonja, osewera ake atatopa ndi maulendo a ku Europe, ndipo inkapita kwa Crystal Palace imene, chibwerere Oliver Glasner mu Febuluwale, inali itagonjetsa Liverpool ku Anfield n'kuthira Manchester United 4-0. Jean-Philippe Mateta ankagoletsa pafupifupi masewero aliwonse a pakwawo. Ndinagulitsa João Pedro n'kutenga iyeyo.

Transfer yachiwiri ndiyo ndinalakwitsa, ndipo ndikuilemba kuti wina asaibwereze. Ndinagula Bukayo Saka Lachinayi usiku, poganiza kuti Arsenal ili pakwawo ndi Everton, ikufuna zigoli, penate amamenya ndi iyeyo. Maganizowo anali abwino, nthawi ndiyo inali yolakwika. Sabata yotsiriza kukwera kwa mitengo ya osewera kulibenso ntchito, palibe chothamangira. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ndikanadikira mpaka Lamulungu masana ndikanakhala ndi transfer m'manja pamene mphekesera zinayamba kumveka. Mndandanda wa Arsenal utatuluka, Saka munalibe ngakhale pabenchi, anali atavulala. Chimene chinandipulumutsa pang'ono n'chakuti benchi ndinali nditaisanja bwino. Wosewera akapanda kulowa m'bwalo, kompyuta imalowetsa woyamba pabenchi malinga ngati dongosolo la timu likulola, choncho pamalo oyamba pamafunika munthu amene ukutsimikiza kuti ayamba masewero, osati dzina lalikulu lokayikitsa.

Pa ukaputeni ndinachita zosiyana ndi sabata ziwiri zapitazo, ndipo chifukwa chake n'chimodzimodzi: ndinayang'ana amene ali patsogolo panga. Achemwaliwo anali ataika Haaland pafupifupi sabata iliyonse imene City inali pakwawo. Ndikanawatsatira, tikanafanana pa kaputeni, masewero n'kuthera pa mayina otsala aja, kumene iwo ankandiposa. Wochepekedwa ndiye amafunika kupatuka. Koma kupatuka sikutanthauza kutola dzina lachilendo kuti anthu akutame. Ndinakhala mu timu yomweyo imene inkafunika kupambana kuti itenge chikho kachinayi motsatizana, n'kuika Foden.

Mpira usanathe ngakhale mphindi ziwiri, Foden anaumenya ndi mwendo wamanzere ali kunja kwa bokosi, n'kulowa. Mphindi 20 zisanakwane anabwerezanso. Zigoli ziwiri za wosewera pakati ndi mapointi 10, kwa kaputeni 20. Ku Selhurst Park, bwalo la Crystal Palace, Mateta anayamba kale zake, ndipo anamaliza ndi zitatu pa 5-0. Ndinkaonera City pa TV, foni ili pa ntchafu ikusonyeza masewero enawo, mwana wanga wamkulu akundiwerengera mayina a ogoletsa. Mohammed Kudus wa West Ham, imene inkasewera ndi City, atabweza chimodzi, Gvardiol anataya mapointi ake 4, koma achemwaliwo nawonso anali atamugula, ndiye sizinasinthe kanthu. Chimene chinandiumitsa pakamwa ndi Kai Havertz. Iwo anali naye, ine malo amenewo ndinali nditaika Saka, ndipo anagoletsa chopambanitsa Arsenal kutatsala mphindi imodzi. Mpata umene unali waukulu unachepa mpaka kufika poti mapointi a bonasi, operekedwa kwa osewera amene achita bwino kwambiri pa masewero, akanatha kuutembenuza.

City inamaliza ndi mapointi 91, Arsenal 89, anthu m'misewu ya kwathu ena akuimba ena akulowa m'nyumba msanga. Ine ndinakhalabe pampando nsima ikuzizira, ndikutsitsa tsamba la ligi mobwerezabwereza kudikira kuti bonasi atsimikizidwe ndi wolowa m'malo mwa Saka awerengedwe. Zitakhazikika ndinali patsogolo ndi mapointi 6. Uthenga woyamba pagulu unachokera kwa achemwali omwewo: "Achimwene, mwatenga. Koma Foden uja munamuganiza liti?" Ndinawajambulira tsamba la kope lija, mayina ofufutidwa ndi anayi otsala mbali iliyonse, n'kuwatumizira.