Mawu a 5.1 akakana kutuluka pa VLC, mpv kapena Kodi

Mawu a 5.1 ndi a matchanelo sikisi: masipika asanu ndi subwoofer, sipika ya mawu a besi. Akakana kutuluka pa mapulogalamu oonetsera mafilimu a VLC, mpv kapena Kodi, musanakhudze setingi iliyonse, yang'anani kagalasi ka kutsogolo kwa ampulifaya. Filimu ikamasewera, kagalasiko kamalemba zomwe zikulowa: Dolby D, DTS, Multi PCM kapena PCM 2.0. Mukaona PCM 2.0, ndiye kuti akulowa ndi matchanelo awiri okha, osati 5.1. Makutu amanamiza pa nkhaniyi, chifukwa maampulifaya ambiri amatha kutenga matchanelo awiri n'kuwamwaza m'masipika onse pogwiritsa ntchito njira ya Dolby yotchedwa Pro Logic, munthu n'kumati 5.1 yatheka pomwe sinafike n'komwe.

Kenako funsani kuti chingwe chanu chimatha kunyamula chiyani, poti mavuto ambiri amachokera pamenepa. Chingwe cha S/PDIF, kaya ndi cha kuwala chija cha TOSLINK kapena cha coaxial, chinapangidwira matchanelo awiri okha a PCM, omwe ndi mawu osapanikizidwa. Pa 48 kHz ndi mabiti 16, malo onse amene alipo ndi 1536 kbps. Dolby Digital, yomwe pa mafayilo imalembedwa AC-3, simapitirira 640 kbps, ndipo DTS wamba imafika cha m'ma 1500 kbps, choncho zonse ziwiri zimakwana m'malo omwewo zikakutidwa motsata muyezo wa IEC 61937. Umo ndi mmene 5.1 imadutsira pa chingwechi: yopanikizidwa, itavala maonekedwe a stereo. TrueHD ndi DTS-HD Master Audio, mitundu yopanikiza mawu osataya kanthu, komanso PCM ya matchanelo sikisi sizingadutsepo, olo musinthe masetingi tsiku lonse. Zimenezo zimafuna HDMI, yomwe imanyamula matchanelo 8 a PCM ndipo inayamba kutumiza TrueHD ndi DTS-HD kuchokera pa HDMI 1.3 mu 2006. Chenjerani ndi ARC, njira yotumizira mawu kuchoka pa TV kupita ku ampulifaya: ngakhale chingwe chake ndi cha HDMI, malire ake ndi pafupifupi ofanana ndi a S/PDIF. Ndi eARC, yomwe inabwera ndi HDMI 2.1 mu 2017, imene inatsegula njirayo.

Fayilo nayo muione. Lembani lamulo la ffprobe ndi dzina la fayilo, kapena itsegulireni mu pulogalamu ya MediaInfo, kuti muone mtundu wa mawu ake. Ngati mawu ake ndi AAC 5.1, FLAC kapena Opus, passthrough, njira yotumiza mawu ku ampulifaya osawamasula, ilibe chochita, chifukwa maampulifaya ambiri sadziwa kumasula mitundu imeneyi.

Passthrough ili ngati kalata yomata: pulogalamu imangoipereka osaitsegula, ndipo woimatula ndi ampulifaya. Aliyense amene angaigwire panjira waiwononga. Voliyumu ya pa kompyuta ikatsitsidwa ngakhale pang'ono, kapena mawu akasinthidwa kuchoka pa 48 kHz kupita pa 44.1 kHz, kapena kabelu ka uthenga kakasakanizidwamo, mabiti amasintha ndipo ampulifaya simawazindikiranso. Imawaona ngati PCM wamba n'kuwasewera momwemo, ndiye mumamva phokoso la shiii kapena kutatatika kolasa m'makutu. Phokosoli limatuluka ndi mphamvu zonse ndipo likhoza kuwotcha ma tweeter, timasipika ta mawu okwera, ndiye poyesa koyamba tsitsani voliyumu ya pa ampulifaya kaye. Pa chifukwa chomwechi, passthrough ikamagwira bwino voliyumu ndi equalizer za m'pulogalamu zimasiya kugwira ntchito. Si vuto limenelo, ndi mmene ziyenera kukhalira.

Pa Linux, lamulo la aplay -L limaonetsa zipangizo zonse. Fufuzani zoyamba ndi iec958: kapena hdmi:, osati default kapena dmix, poti dmix ntchito yake ndi kusakaniza. Khadi la kanema limakhala ndi ma HDMI angapo, DEV=0, DEV=1 mpaka mtsogolo, ndipo limodzi lokha ndi lomwe lalumikizidwa. Mafayilo a eld amene ali mu /proc/asound/ pansi pa khadi lililonse amathetsa zongoganizira: yomwe ili ndi monitor_present 1 ndiyo yolondola, ndipo mizere ya sad imatchula mitundu ya mawu imene chipangizo cha kutsidyako chikuti chimalandira. Fayilo imeneyi anthu ambiri saidziwa, koma imaulula zambiri. Ngati kompyuta yalowa mu TV, TV n'kupatsira ampulifaya, nthawi zambiri mupeza LPCM ya matchanelo awiri ndi AC-3 basi, chifukwa kompyuta ikumva zonena za TV, osati za ampulifaya. Lowetsani kompyuta mu ampulifaya poyamba, ampulifaya ipatsire TV. Muonenso mu alsamixer: ngati pansi pa S/PDIF kapena IEC958 palembedwa MM, ndiye kuti potulukirapo ndi potseka, dinani M.

Amene akudutsira mu PulseAudio kapena PipeWire, mapulogalamu oyendetsa mawu pa Linux, atsegule pavucontrol, yomwe ndi yosinthira masetingi a mawu. Pano pali msampha umene umakola ambiri: kuti AC-3 ndi DTS zidutse, profile yoyenera ndi Digital Stereo, osati Surround 5.1, popeza kunja kwake mawuwo amaoneka ngati matchanelo awiri. Mukasankha imeneyo, pitani ku Output Devices, tsegulani Advanced, ndipo chongani mitundu yokhayo imene ampulifaya yanu imamasuladi. Mukachonga DTS pomwe chipangizocho chilibe DTS, mumangomva zii. Pulogalamu ina ikakhala kuti yagwira kale chipangizocho, monga burawuza yomwe ili ndi kanema woimitsidwa, passthrough imakana kapena imabwerera ku stereo mwakachetechete.

Pa Windows nkhani ndi yomweyi ya kukhala wekha pa chipangizo. Mu Properties ya chipangizo cha mawu, pa Advanced, lolani mapulogalamu kutenga exclusive control, ndipo zimitsani Spatial sound ndi zokometsera zina.

Tibwere ku mapulogalamu enieniwo. Mu mpv, yambani ndi --audio-device=help kuti mupeze dzina lenileni la chipangizo, kenako mu mpv.conf ikani audio-spdif=ac3,dts ngati muli pa S/PDIF, kapena audio-spdif=ac3,dts,eac3,truehd,dts-hd ngati ndi HDMI yolunjika mu ampulifaya. Onjezani audio-exclusive=yes. Kwa mafayilo a AAC aja pa chingwe cha kuwala, af=lavcac3enc imamasula mawuwo n'kuwapanikizanso kukhala AC-3 filimu ikusewera. Imayambira pa 640 kbps, ndipo ampulifaya yakale ikamadukizadukiza yesani 448. Mu VLC, yomwe inalandira passthrough ya mitundu ya HD pa 3.0 mu 2018, setingi ili mu Tools, Preferences, Audio. Pa Windows sankhani Enabled (AC3/DTS only) mukakhala pa S/PDIF, ndipo tsekani pulogalamu n'kuitsegulanso. Pulogalamu ya Kodi imabisa zambiri mwa izi mpaka mutakweza mlingo wa masetingi kufika pa Advanced kapena Expert. Ili ndi zipangizo ziwiri zosiyana, cha mawu wamba ndi cha passthrough, ndipo anthu amasintha chimodzi n'kuiwala chinzake. Pa S/PDIF ikani Number of channels pa 2.0, apo ndi pomwe setingi ya AC3 transcoding, yosandutsa mawu kukhala AC-3, imaonekera. Sync playback to display ikayatsidwa imalepheretsa passthrough, chifukwa imafuna kutambasula mawu pang'ono kuti agwirizane ndi chithunzi. Mu mpv, video-sync=display-resample nayonso sikhoza kutambasula mawu amene akungodutsa osamasulidwa.

Ngati masekondi oyambirira akudyeka nthawi iliyonse mukayambitsa filimu kapena kudumpha, ndi ampulifaya imene ikuchedwa kuzindikira mtundu wa mawu. Mu Kodi, Keep audio device alive pamodzi ndi Send low volume noise zimachepetsa zimenezi.

Kwa ine, amene ali ndi HDMI yolunjika mu ampulifaya asavutike ndi passthrough pokhapokha akufuna Atmos kapena DTS:X, mitundu ya mawu imene imamvekanso kuchokera pamwamba, zomwe zimafunika kufika zosamasulidwa. TrueHD yomasulidwa ndi FFmpeg, chomasulira cha m'mapulogalamuwa, n'kutumizidwa ngati PCM sitaya kanthu, ndipo voliyumu ndi kulunzanitsa mawu ndi chithunzi zimagwira ntchito. Chofunika kuyesa pa njira imeneyi ndi dongosolo la matchanelo. Lamulo la speaker-test -c 6 -t wav, mutawonjezera -D ndi dzina la chipangizo, limatchula sipika iliyonse payokha. ALSA, yomwe imayendetsa makhadi a mawu pa Linux, imaika masipika akumbuyo pa malo achitatu ndi achinayi, pomwe mafayilo a WAV amaika sipika yapakati ndi subwoofer pamenepo. Mukamva zolankhula za anthu a mufilimu zikuchokera kumbuyo chakumanzere, musamasule mawaya a masipika. Onani ngati pulogalamu ikugwiritsa ntchito chipangizo cha hdmi: m'malo mwa hw: kapena plughw:, ndipo mu mpv ikani audio-channels=5.1 kapena 7.1 molingana ndi masipika amene alipodi.