Lachitatu: kulemba madirowa ndi divayida

Ntchito yaikulu ya lero inali kulemba malumikizo a madirowa a kabati imene ndikupanga, ndipo chida chimene chakhala m'manja mwanga kuyambira m'mawa ndi divayida. Ili ndi miyendo iwiri yachitsulo yosongoka kunsonga, yolumikizana kumtunda, ndipo imasiyana ndi kampasi ya ana asukulu chifukwa ilibe pensulo. Yanga ili ndi kachitsulo kokhota kochokera pa mwendo umodzi kudutsa mu unzake, pamodzi ndi kasikuluwu komangira, kotero kuti ndikaitsegula pa mpata umene ndikufuna ndi kuimanga, mpatawo susinthanso mpaka nditaumasula ndekha.

Thabwa la m'mbali mwa dirowa, nditamaliza kulipala, linatsala mamilimita 187 mulifupi. Kumapeto kwake ndinafuna mano anayi a dovetail, aja otambalala kunsonga amene amalowana ndi a thabwa lakutsogolo kuti dirowa lisaguluke polikoka. Mbali iliyonse ndinasiya mamilimita 6, ndipo pakati pa dzino ndi linzake ndinafuna mpata wa mamilimita 4. Mnyamata amene akuphunzira ntchito kwa ine anatenga pepala, nawerengera bwino lomwe, napeza kuti dzino lililonse liyenera kukhala mamilimita 40.75. Kenako anandiyang'ana nati, "Amisiri, nanga 40.75 ndiipeza pati pa rulayi?" Funso limeneli linandikondweretsa, chifukwa ndi pamene munthu amayamba kumvetsa ntchito ya chidachi. Rula ilibe mzere wotero, nsonga ya pensulo payokha imadya theka la milimita kapena kuposerapo, ndipo munthu akamasuntha rula dzino ndi dzino, kulakwa kwa dzino loyamba kumapita pa lachiwiri, kwa lachiwiri pa lachitatu, mpaka lomaliza limatuluka lopunduka.

Ndinamuuza kuti aike pepala pambali. Tinalemba mzere kumapeto kwa thabwa, tinaboola timadontho tiwiri tosonyeza mamilimita 6 a m'mbali aja, kenako ndinatsegula divayida mongoyerekeza ndi maso. Ndinaika nsonga imodzi pa dontho lakumanzere ndi kuiyendetsa: mwendo wakumbuyo umazungulira kupita kutsogolo, wotsalawo n'kukhala mzati, kenako amasinthana, ndipo zala zimagwira kumutu kwa chidacho mopanda kufinya miyendo. Cholinga n'chakuti phazi lachinayi lipitirire dontho lakumanja ndi mpata wofanana ndi umene ukufunika pakati pa mano. Ulendo woyamba linapitirira ndi pafupifupi mamilimita 8 m'malo mwa 4. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amasokonekera, chifukwa amafuna kutseka miyendo ndi mamilimita onse 4 owonjezerawo, kuiwala kuti mapaziwo ndi anayi, ndiye aliyense ayenera kubwezako gawo limodzi mwa magawo anayi, kutanthauza milimita imodzi yokha. Poyesa chonchi nsonga zimangokhudza thabwa osaboola, apo ayi mzere umadzaza ndi timabowo tabodza timene timakokera nsonga pamalo olakwika.

Mpata utakhala bwino, tinayenda kuchokera kumanzere tikuboola pang'ono, kenako tinayambira pa dontho lakumanja kubwerera kumanzere osakhudza sikuluwu. Pa mzerepo panatuluka timabowo tiwiritiwiri m'malo atatu, ndipo pakati pa tiwiri tilitonse ndi pamene sowo ndi tchizulo zidzachotsa nkhuni. Mano onse anayi anafanana popanda wina kudziwa kuti ndi mamilimita angati. Ubwino wina umene ndimaukonda kwambiri ndi wakuti kabowo kamagwira nsonga ya mpeni wolembera: umaika mpeni m'kabowomo, n'kukankhira sikweya mpaka itagunda mpeniwo, ndipo mzere umagwa pamalo ake enieni, osati pambali pang'ono monga zimachitikira ndi kadontho ka pensulo. Matabwa a madirowa ena onse tinawalemba ndi mpata womwewo.

Nthawi yopuma tinakambirana za ukale wa chidachi. Makampasi amkuwa anapezeka m'mabwinja a Pompeii, mzinda umene unakwiriridwa ndi phiri la Vesuvius m'chaka cha 79, pamene inchi imene ili pa matepi athu inagwirizanidwa kukhala mamilimita 25.4 m'chaka cha 1959. Kalelo muyeso wa dziko lina unkasiyana ndi wa dziko lina, koma amisiri ankapangabe zitseko ndi makabati ogwirizana bwino, chifukwa funso lawo nthawi zambiri linali lakuti chigawo ichi chikulowa kangati mu chinzake. Ine ndimakhulupirira kuti mipando yambiri yakale imakoma m'maso pa chifukwa chimenechi, ndipo zimandipweteka ndikaona mmisiri wachinyamata akudalira tepi pa chilichonse mpaka kusiya kuyang'ana thabwa limene lili patsogolo pake.

Masana tinalemba mpando wozungulira wa miyendo itatu. Mpata umene wajambula bwalo ukauyendetsa m'mphepete mwa bwalo lomwelo umalowamo kasanu ndi kamodzi ndendende, ndiye ukamalumpha dontho limodzi limodzi umapeza malo atatu otalikirana mofanana oboolapo miyendo. Mnyamatayo anachita yekha, ndipo nsonga inabwerera m'kabowo koyambira.

Chomaliza chinali thabwa lotseka pakati pa kabati ndi khoma, pakuti khoma limene kabatiyo ikatsamire si lowongoka, ndipo tinatengera kukhota kwake pa thabwa loyesera. Thabwa limaimikidwa chilili pafupi ndi khoma, divayida imatsegulidwa molingana ndi mpata waukulu kwambiri umene ukuoneka, kenako nsonga imodzi imatsata khoma pamene inayo ikukanda thabwa kuchokera pamwamba kutsika. Chofunika kusamala n'chakuti nsonga ziwirizo zikhale pa msinkhu umodzi nthawi yonse, chifukwa dzanja likapendeka pang'ono mpata umachepa ndipo mzere umanama. Pa nkhuni yoyera mzere wa chitsulo suoneka bwino, choncho ndinaupitanso ndi pensulo.

Tisanatseke ndinaona kuti nsonga imodzi yayamba kubuntha, ndipo ndinainola pa mwala. Ndimanola mbali yakunja yokha, kuti miyendo ikatsekedwa nsonga zizikumana popanda mpata, ndipo ndimaonetsetsa kuti miyendo yonse yatsala yofanana kutalika. Mawa m'mawa tiyamba kudula mano aja, ndipo mnyamatayo ndamupatsa dirowa lapansi kuti adule yekha.