Dambo losefera madzi a septiki latheka, koma miyala ija inanditopetsa

Tsopano madzi otuluka m'thanki yathu ya septiki akudutsa m'dambo lochita kukumba, lomwe ndi dzenje lothiramo miyala n'kubzalamo bango kuti lizisefa madziwo, ndipo fungo limene linalipo latheratu. Koma abale, miyala yothira m'dzenjemo ikhale yotsuka. Musalole kuti akutsitsireni ya fumbi.

Amene anandigulitsa analumbira kuti yake ndi yoyera. Titathira n'kubzala bango, sipanapite nthawi madzi akuda anayamba kutumphukira pamwamba, udzudzu n'kupezapo pogona. Fumbi linali litatseka mipata yonse yodutsa madzi. Nditapita kukadandaula anandikhazika pabenchi mpaka dzuwa kupendeka, eti abwana akubwera. Pomaliza kalaliki n'kundiuza, osandiyang'ana n'komwe, kuti katundu akatsitsidwa sabwezedwa. Mtima unandiwawa zedi. Tinafukula zonse, kusefa, kutsuka, n'kubwezeramo, bango wina n'kufera pomwepo.

Dzenje lathu ndi lakuya masentimita 60, pansi pake potsetsereka sentimita 1 pa mita iliyonse. Pa kukula tinatsata muyeso wodziwika wa masikweya mita 5 pa munthu aliyense wa m'nyumba. Pansi yalani pulasitiki wolimba kuti zoipa zisalowerere m'nthaka n'kukaipitsa zitsime. Polowera ndi potulukira madzi ikanipo miyala ikuluikulu. Paipi yotulutsira muiike moti madzi azikhala masentimita 5 mpaka 10 kunsi kwa miyala yapamwamba, asamaoneke.

Ndikanaiwala: musanalumikize paipi, popetsani kaye thankiyo. Ikadzaza matope amasefukira m'dambo n'kulitseka ngati mmene fumbi limachitira. Ndi chifukwa chake ndikubwereza, tsukitsani miyala inu mukuona, lole isanatsitse.

Ntchito yaikulu amagwira ndi mabakiteriya omata pa miyala ndi pa mizu, amene amadya zonyansazo. Mizu imawapatsirako mpweya pang'ono. Njirayi si yachilendo, wasayansi wina dzina lake Käthe Seidel anayamba kuiyesa ku Germany m'ma 1950. Bango, njedza kapena gumbwa zonse zimachita bwino. Wina anandiuza za namasupuni, ndinakana. Amafuna madzi apoyera, ndipo akathawira mumtsinje simungamuthe.

Madzi otulukawo amaoneka oyera koma tizilombo toyambitsa matenda sitithamo tonse. Ife timathirira mitengo basi, ndipo ana ndinawaletsa kusewera nawo.